Anankafumbwe mu Labu ya Mapulasitiki

Chikondi ndi Dalitso, za ubwana wanga ku Dedza mwazimva mokwanira, ndipo ndimaona kuti ndikangoziyamba maso anu amathawira pa foni. Pano ndikulemba za ntchito. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinagwira m'labu ya kafukufuku ya kampani yaikulu yopanga mankhwala a m'mafakitale ndi mapulasitiki, ndipo mukafunsidwa kusukulu kuti amayi anu amatani, nonse awiri munkayankha kuti amatsuka mabotolo. Mabotolowo ndinatsukadi, sindikukana, koma panali zinanso zimene sindinakuuzeni bwino chifukwa zina mwa izo zinkandichititsa manyazi.

1988

Ndinayamba ntchito nditangomaliza maphunziro a kemisitiri ku Maryland. Tinkakhala ku Hyattsville m'kanyumba ka chipinda chimodzi, ndipo labu inali kumpoto kwa Bethesda, ulendo wa mabasi awiri ndi sitima. Bwana wanga anali Dokotala Brennan, mzungu wamtali, wowonda, wogontha khutu limodzi, amene ankasankha yekha nthawi yoti khutu labwinolo limve. Tsiku loyamba sanandionetse makina alionse. Anandipatsa kope lachikuto cholimba, masamba ake osokedwa ndi olembedwa manambala, n'kundiuza malamulo ake. Kulemba ndi bolopeni basi. Osang'amba tsamba. Ukalakwitsa, udule ndi mzere umodzi kuti cholakwacho chizionekabe. Tsamba likadzaza usaine, kenako munthu wina amene sanagwire nawo ntchitoyo aliwerenge, asaine pansi pa mawu oti wawerenga ndipo wamvetsa. Chimene sichinalembedwe choncho, kwa kampani sichinachitike.

Sabata yachitatu anandibweretsera kope lake kuti ndimusainire ngati mboni. Ine mwana wolereka, woti munthu wamkulu akakupatsa chinthu sumuunguza ngati wakuba, ndinalandira ndi manja awiri n'kusaina osawerenga.

"Rhoda, werenga mzere wachisanu ndi chiwiri," anatero.

Pakati pa manambala ake anali atalemba kuti amene asaine tsambali adzatsuka firiji ya labu mwezi wathunthu. Anthu anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ine thukuta kamukamu, ndinayesa kufotokoza kuti kwathu kuwerenga zolemba za bwana pamaso pake n'kumukayikira.

"Ndiye undikayikire," anayankha. "Ndakulemba ntchito imeneyo."

Firijiyo ndinaitsuka, ndipo zimene ndinapezamo sindingazilembe m'buku loti adzawerenge adzukulu anga.

1996

Ntchito yanga yeniyeni inali kuyeza kuchuluka kwa mpweya umene umadutsa m'pulasitiki. Inu mumaona ngati jumbo yomata salowa kanthu, koma mpweya umalowa pang'onopang'ono, ndipo n'chifukwa chake tchipisi timalobodoka. Akatswiri ankasakaniza mitundu yatsopano, ine n'kumadula tizidutswa, kuika m'makina, kudikira, kulemba. Zotuluka m'labu yathu zinali ndi makomo atatu. Zimene zikanabweretsa malonda zinkapita kwa maloya kuti atengere patenti, chikalata cha boma choletsa ena kukopera luso lako. Zina zochepa zinkaloledwa kusindikizidwa m'magazini a sayansi kuti dziko lonse liwerenge. Zotsalazo, zimene zinali zambiri kuposa zonse, zinkalembedwa lipoti, n'kupatsidwa nambala, n'kukaikidwa pa shelufu m'chipinda chapansi. Ndinkati ndikatsikako kukafuna lipoti, mtima unkandiwawa kuona ntchito ya anthu anzeru ya zaka ndi zaka itangoti ndundundu, popanda woitsegula. Pa mapepala osindikizidwawo maina a ife othandiza sankakhala pamwamba. Tinkapezeka kumapeto, m'tizilembo ting'onoting'ono tothokoza, ndipo ine ndinkazilandira ngati mmene zinthu zilili.

Chaka chimenechi m'chigawo chopanga guluu munabwera a Sakala, katswiri wa ku Zambia, kwawo ku Chipata koma wokulira ku Lusaka. Anandimva ndikukalipira Dalitso pa foni ya m'khonde, n'kuima kumbuyo kwanga mpaka nditamaliza.

"Amai, mwana uyo mumuleke, azachinja chabe," anatero. "Ine nine Sakala. Manje tili babili muno, tizayamba kubanena aba."

Kuyambira tsiku limenelo tinkadyera limodzi masana. Iwo ankati Chichewa changa n'cha pa guwa, chosowa mchere. Ine ndinkati chawo chinagwa m'basi ya ku Lusaka n'kutoledwa chitasweka, poti ngakhale chimanga ankachitcha milisi. Anali munthu wodekha mopsetsa mtima, woti poyeza madzi a m'botolo ankagwada kuti diso lifanane ndi mzere, ngakhale madziwo ali otsukira.

2003

Ndinapita kumudzi kukaona mchemwali wanga Esnart. Mu Novembala anatsegula thumba la chimanga chimene anakolola yekha, ndipo chimene chinatuluka chinali fumbi ndi anankafumbwe akuyenda pa mkono wake. Mankhwala othira anagula, koma anali atasukuluka kapena anali achinyengo, sitikudziwa. Sanadandaule n'komwe, anangoti chaka chilichonse amagawana nawo. Ine ndinakwiya ulendo wonse wobwerera, ndipo sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Nditabwerera ndinapeza pulasitiki ina itakanidwa. Inali yotchipa kupanga ndipo mpweya inkatchinga bwino kwambiri, koma inali yambuu, yosaonekera mkati, ndipo ogulitsa tchipisi safuna chinthu chonyansa pa shelufu. Ndimvetseni bwino apa, chifukwa sindikufuna kuti mudzanamize anthu pamaliro anga. Nzeru yosunga mbewu m'thumba losalowa mpweya kuti tizilombo tibanike si yanga, ena anali ataiyamba kale. Mafunso anga anali awiri, a munthu wodziwa nyumba ya Esnart. Loyamba, thumba lotere likapindidwa kambirimbiri, kukhalidwa, kusiyidwa potentha pansi pa malata, kodi limatchingabe mpweya? Lachiwiri, likabooka, kodi munthu angalimate ndi lawi la kandulo, mmene amayi a pamsika amamatira timapepala ta mtedza, n'kugwiranso ntchito?

Kampani inkatilola kugwiritsa ntchito Lachisanu masana pa maganizo athuathu. Ndinapempha Dokotala Brennan kakabati ka kumapeto kwa khonde.

"Tizilombo, m'labu ya mapaketi a chakudya?" anafunsa. Anatembenuza khutu logontha, kenako labwino. "Kamodzi kokha kakatuluka, iwe ndi ine sitidziwana."

Anankafumbwe ndinawapeza ndi chilolezo kwa mnzanga wa ku labu ina ya zaulimi. Chimanga choyera ndinkagula m'sitolo ya anthu a ku El Salvador ku Hyattsville, ndipo mwini sitoloyo ankaganiza kuti ndili ndi banja la anthu makumi awiri. Kwa zaka zitatu ndinapinda matumba, kuwaboola, kuwamata, kudikira miyezi, kusefa. Mayankho onse awiri anali abwino. Opindidwa ankapha tizilombo, omatidwa ndi kandulo ankaphanso.

Cholakwa changa chinali ichi. Zonsezi sindinazilembe m'kope la kampani. Ndinazilemba m'makope a sukulu a Chikondi otsala, m'Chichewa, popanda mboni ndi imodzi yomwe. Ine yemwe uja wotsuka firiji. Ndinkadziuza kuti si ntchito ya kampani, koma zoona zake n'zakuti ndinkachita manyazi. Ndinkaopa kuti madokotala aja akaona tsamba la chimanga ndi kandulo pakati pa masamba a makina awo, adzati mayi wa ku Africa uja wabweretsa mudzi m'labu.

2006

Mu Marichi anatisonkhanitsa m'chipinda chodyera n'kutiuza kuti labu yathu itsekedwa, kafukufuku yense apita ku Texas. Osamuka anyamuka mu Ogasiti, otsala atsekera zitseko mu Epulo chaka chinacho. Ine anandiitanira pambali n'kundipatsa udindo woyang'anira chigawo chonse choyeza ku labu yatsopanoyo. Patatha zaka zonsezo ndikulandira malangizo, ndinali woti ndiziwapereka.

Ndinatenga makope a sukulu aja kupita nawo kwa Dokotala Brennan. Anawatsegula, kuwatembenuza, n'kundiyang'ana ngati mwana wake wamubweretsera mimba.

"Ichi n'chiyani?"

"Zaka zitatu," ndinatero.

"Mboni ili kuti?"

Ndinamuuza kuti panalibe. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangonditengera kwa loya wa kampani, mayi wamfupi wolankhula mothamanga, amene anandimvetsera mpaka kumapeto, zimene sindinkayembekezera. Anati patenti kampani siingafune, chifukwa alimi ngati Esnart si msika umene ikuuyang'ana. Koma anatinso pali chifukwa china chimene kampani imasindikizira zinthu. Chinthu chikasindikizidwa poyera, palibenso wina aliyense amene angachitengere patenti n'kutsekera ena, ngakhale kutsekera kampani yomweyo ikadzasintha maganizo. Choncho komiti ikanatha kuvomera, osati chifukwa cha chifundo koma podziteteza. Kwa ine zinali chimodzimodzi, bola aliyense wofuna kupanga matumbawo awapange mwaufulu.

"Koma izi sindingapite nazo ku komiti," anatero akugogoda makope anga ndi chala. "Palibe anaona, palibe anasaina. Ngakhale mutazimasulira, zikhalabe nkhani yanu. Lembani njira yonse m'kope la kampani, munthu wina aitsatire ndi manja ake, wachitatu asaine. Zikatuluka chimodzimodzi, bwerani."

Kubwereza kunkafuna miyezi isanu ndi itatu, chifukwa nankafumbwe sumuthamangitsa. Ku Texas tizilombo sakanatilola kudutsa pa geti. Ndinafunsa ngati udindo uja ungandidikire mpaka Epulo, ndipo anati ayi, labu yatsopano ikufuna woyang'anira tsiku loyamba. Ndikapita, makope anga sakanafika ngakhale pa shelufu ya pansi ija, akanangokhala m'katoni kunyumba. Ndikatsala, mu Epulo ndikanakhala mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu wopanda ntchito.

Mukukumbukira Lamlungu limene ndinakuuzani titachoka ku tchalitchi. Dalitso anali ataona kale zithunzi za nyumba za ku Texas zokhala ndi bwalo. Chikondi, iwe unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndipo unaimirira patebulo.

"Mom, it's bugs," unatero. "Mukutisiyitsa nyumba chifukwa cha bugs."

"Khala pansi, ukulankhula ndi amayi ako," anatero bambo anu. Kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi a Chikondi, ine ntchito ya m'chipatala ndikaipeza kulikonse, za ine musaganize. Ndingofunsa chimodzi. Zikakanika ulendo wachiwiriwu, mudzatha kukhala nazo?"

"Sizingakanike," ndinayankha.

"Sindinafunse zimenezo."

Ndinaganiza sabata yonse. Udindowo ndinkaufuna kwambiri, musanamizidwe, ndinali nditadziona kale ndili ndi ofesi ya chitseko. Koma ndinkati ndikaganiza zokhala mu ofesimo ndikudziwa chinthu chimene chikanathandiza Esnart, n'kukhala ndachitsekera m'katoni chifukwa cha manyazi anga omwe, chakudya chinkandikanika. Lolemba linalo ndinakakana. Chikondi sunandilankhule bwino mpaka Khirisimasi, ndipo sindinakuimbe mlandu.

A Sakala nawo sankasamuka, chifukwa anali pafupi kupuma. Nditawapempha kuti akhale manja achiwiri aja, anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Nizachita, amai, koma nizachita vamene mwalemba chabe. Osati vamene muganiza, osati vamene munena. Vamene vili pa pepala."

"Ndi zimene ndikufuna," ndinatero.

Ogasiti 2006 mpaka Epulo 2007

Njira yonse ndinailemba m'Chingerezi m'kope la kampani, masamba khumi ndi anayi, Dokotala Brennan n'kusaina tsamba lililonse atawerenga ndi chala. A Sakala anapinda matumba maulendo amene ndinalemba. Ena anawaboola, kupinda malo obookawo pa mpeni, n'kupititsa pa lawi la kandulo m'kabati yokoka utsi, mkulu wa chitetezo ataima pambali ndi chozimira moto ngati tikuotcha nyumba. Ine sindinaloledwe kukhudza. Ndinaima patali manja ali kumbuyo.

Miyezi imeneyo tinasowa chilichonse. Pulasitiki yambuu ija anali atasiya kuipanga, ndipo mpukutu womaliza ndinaupeza m'katundu wokataya. Tsiku lililonse amuna a mayunifomu ankamata zikwangwani pa makina n'kuwakankhira m'malole. Makina anga oyezera mpweya anawamata chikwangwani katatu, ndipo katatu konse chinapezeka chitagwa. Sindikudziwa amene ankachichotsa, koma Dokotala Brennan ankakhala ndi guluu ku zikhadabo. M'khonde mmene munkadutsa anthu ambirimbiri munatsala ife atatu ndi mlonda, moti ukatsokomola mawu ankabwerera.

Tinatsegula matumba sabata yoyamba ya Epulo, m'mawa. Tinayamba ndi opindidwa. A Sakala anadula loyamba n'kukhuthulira pa sefa. Chimanga chinagwa ndi phokoso la chimanga chathunthu, ndipo pansi pa sefa panali tizilombo takufa, touma. Lachiwiri chimodzimodzi, mpaka lomaliza. Ndinalira pamaso pa amuna awiriwo osachita manyazi.

Kenako tinafika pa omatidwa ndi kandulo. Thumba loyamba lisanadulidwe n'komwe ndinaona kanthu kakuyenda mkati. Atakhuthula, fumbi linakwera m'mwamba. Pa omatidwawo ochepa okha ndi amene anagwira, ambiri anali ngati thumba la Esnart lija. Funso la kandulo ndi limene ndinkalinyadira kwambiri, chifukwa linali langalanga, losaganizidwa ndi dokotala aliyense. Mkwiyo wanga mumaudziwa. Unakwera nthawi yomweyo n'kugwera munthu amene anali pafupi.

"Manja anu ndi amene awononga," ndinawauza a Sakala. "Ine zaka zitatu zinkagwira. Munthu wokulira m'tauni, kandulo munaigwirapo liti?"

"Amai, nachita vamene munalemba."

"Mwachita mwaulesi."

Anapukuta manja, n'kuyamba kuwerenga tizilombo tamoyo kamodzikamodzi ndi kulemba. Madzulo ake ndinanena kuti m'pepala losindikiza tingoikamo za kupinda, za kandulo tizisiye ngati sitinayese n'komwe. A Sakala anaika bolopeni pansi.

"Mwanitukana, nazimva, nizakhala nazo. Koma dzina langa siningaike pa pepala yobisa. Munthu kumunzi azamata thumba na kandulo, azagona ati milisi yake ili bwino. Mufuna adziwe mu Novembala?"

Ndinayang'ana kwa Dokotala Brennan kuti andithandize. Anali atatembenuzira kwa ife khutu labwino, ndipo ngakhale Chinyanja sankachimva, anaona kumene nkhani ikupita. Anangokankhira kope kwa ine. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti kumata ndi lawi sikodalirika ndipo sitikukulimbikitsa. Ndinasaina, Dokotala Brennan naye anasaina. Lachisanu lake kampani inatseka labuyo.

2008 mpaka 2021

Komiti inavomera, ndipo pepalalo linatuluka m'magazini yaing'ono ya za kasungidwe ka mbewu. Maina anali atatu, langa lili patsogolo. Dokotala Brennan ndi amene anaumirira zimenezo, akuti iye anangosaina. Ndinalitumiza kwa Esnart, amene sankawerenga Chingerezi koma analiika m'Baibulo. Kampani inaliwerengera pa mndandanda wa zofalitsa zake za chaka chimenecho, mzere umodzi pakati pa mizere yambiri, ndipo sindikukhulupirira kuti ku Texas alipo analitsegula.

Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri pakhomo, kenako ndinapeza ntchito ku Bethesda m'labu ya boma ya zaumoyo, yosakaniza mankhwala oti ofufuza agwiritse ntchito. Unali udindo wotsika kuposa umene ndinasiya, ndipo ndinaugwira mpaka kupuma. Nyumba ya bwalo tinadzaipeza mochedwa ku Manassas, inu mutakula kale moti bwalolo linalibenso ntchito. Matumba osalowa mpweya anadzafika m'misika ya kwathu kudzera mwa anthu ena ndi mapulasitiki ena. Ngati pepala langa linathandizapo, palibe anandiuza. Ndinkati ndikafufuza pa kompyuta, ndinkapeza kuti alitchulapo anthu owerengeka, ndipo ndinkatseka msanga.

A Sakala anabwerera ku Chipata. Tinkatumizirana moni wa Khirisimasi, mizere iwiri. Sindinapepese, chifukwa pansi pa mtima ndinkakhulupirirabe kuti anawononga ndi iwo.

2023

Mu Julaye tinali ndi chakudya cha pamodzi ku tchalitchi chathu chakale ku Hyattsville, Amalawi ndi a ku Zambia. Ndikupakula mpunga, mtsikana wina wamagalasi anaima patsogolo panga osatambasula mbale. Anati dzina lake ndi Tiyamike, wa ku Kasungu, akuchita digiri ya udokotala pa za kasungidwe ka mbewu pa yunivesite ina konkuno.

"Pepani amayi, akuti ndinu a Mbewe. R. Mbewe wa pepala la matumba ndi inuyo?"

Pa zaka khumi ndi zisanu, aka kanali koyamba munthu wosakhala wachibale kunditchulira pepalalo. Ndinavomera, n'kudzikonza kuti ndilandire kuyamikidwa.

"Ndaliwerenga maybe kakhumi," anatero. "Gawo la kupinda lija ndi solid, ndimaligwiritsa ntchito. Koma la kandulo, mundikhululukire, ndikuona ngati munalakwitsa."

"Ndinalakwitsa?" Mawu anga anakwera moti amayi a pambali anatembenuka. "Mwana iwe, unali ndi zaka zingati pamene ine ndinkasefa chimanga chimenecho?"

Sanathawe. Anati anabwereza njira yathu monga tinalembera ndipo inakanikadi. Koma amayi ake amagulitsa mtedza pamsika, ndipo atapita kutchuthi anakhala pansi kuwaonerera. Kenako anandipempha kuti ndimuonetse mmene ine ndimamatira. Tinalowa m'khitchini ya tchalitchi, iye n'kupeza kandulo m'kabati, mpeni ndi jumbo ya buledi. Ndinapinda jumboyo pa mpeni ndikulankhulabe, ndikumuuza kuti palibe chachilendo apa, umangopititsa chonchi. Dzanja langa linapititsa pa lawi, n'kutsitsa mpeni pang'ono, n'kupititsanso.

"Mwaona?" anatero Tiyamike. "Kawiri. Mizere iwiri. Amayi anganso amatero, ndipo nditawafunsa anakana, akuti amapititsa kamodzi. M'pepala mwanu munalemba kuti kupititsa pa lawi, basi. Ndayesa mizere iwiri, amayi, ikugwira."

Ndinayang'ana jumboyo. Mizere iwiri inali pomwepo, wina pansi pa unzake. Zaka zitatu zija dzanja langa linkachita zimene linaphunzira ndili mtsikana, ndipo mutu sunadziwe kuti pali choti ulembe. Ndinakhala pa mpando wa pulasitiki wa ana a Sande sukulu. Manyazi anandigwira, koma chimwemwe chinawaposa, ndipo ndinayamba kuseka mpaka misozi. Funso langa lija linali lamoyo, ndipo linali m'manja mwa munthu amene analiwerenga mokwanira kuti anditsutse.

"Ndiye ndilembe bwanji?" anafunsa mwamantha. "Sindikufuna kukunyozani."

"Ulembe kuti Mbewe anasiya sitepe. Usazungulire. Ndipo mawu oti kawiri uwalembe poti ngakhale munthu waulesi awaone."

M'mawa mwake, ku Chipata kuli masana, ndinaimba foni. Inaitana nthawi yaitali. Mawu amene anayankha anali okalamba kuposa mmene ndinkawakumbukira.

"A Sakala, ndine Rhoda."

"Amai! Kuli maliro?"

"Kulibe maliro. Ndaimba kuti ndikuuzeni kuti manja anu analibe vuto." Ndinawafotokozera zonse, za mtsikanayo, za jumbo ya buledi, za mizere iwiri. Ndinati ndinawanyoza pa cholakwa changa, ndasunga mlanduwo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo ndikupempha kuti andikhululukire.

Ndinawamva akupuma mwamphamvu.

"Nenze kuziba kuti nachita vamene munalemba," anatero. "Koma nthawi zina nenze kudzifunsa kuti mwina nine, mwina ninafulumiza. Vinanivuta maningi, amai."

"Simunali inu."

"Zikomo. Manje uyo mwana, mumuuze atume njira yake yonse, alembe bwino. Milisi nili nayo, kandulo nili nayo. Nizachita vamene alemba chabe."